Kumata dzino ndi phala loyera: kufota kwake, kugwira kwake ndi zina zimene anthu a kuchigwa amafunsa

Mafunso awa amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje. Ena amafunsa asanakhale pampando wa dokotala wa mano, ena atamatitsa kale dzino likuwavutabe. Ambirife kuno tinakula tikudziwa kuti dzino likawawa mankhwala ake n'kuzula, choncho kumata kukadali kwachilendo ndipo mphekesera zake n'zambiri. Mafunso apafupi ali koyambirira, ozama ali kumunsi.

Kodi chinthu choyera chimene amamatira dzino n'chiyani?

Dzina lake ndi kompoziti, ngakhale ambiri amangoti simenti. Ndi phala la zinthu ziwiri zikuluzikulu: utomoni wa pulasitiki ndi ufa wosalala kwambiri wa galasi kapena silika. Ufawo ndiwo wochuluka. M'makompoziti omatira mano otafunira umafika magawo 75 mpaka 85 pa 100 alionse poyeza kulemera, ndipo ndiwo umachititsa kuti chomatiracho chisathe msanga potafuna. Utomoni ntchito yake n'kugwirizanitsa ufawo, koma ndiwonso gwero la vuto la kufota.

Utomoni wofala kwambiri, wotchedwa Bis-GMA, anaupanga ndi Rafael Bowen wa ku America, ndipo unadziwika mu 1962. Mpaka lero makompoziti ambiri akadali ndi utomoni umenewu kapena abale ake.

Nanga kanyali ka buluu kaja amaunikira m'kamwa n'kachiyani?

Kompoziti imatuluka m'chubu ili yofewa, ndipo imakhalabe yofewa mpaka itaona kuwala kwa buluu. M'kati mwake muli mankhwala achikasu otchedwa camphorquinone. Kuwala kukawafika, amayambitsa tizidutswa ta utomoni kugwirana, kamodzi ndi kanzake, mpaka kupanga maunyolo olukanalukana. Phala lija limasanduka chinthu cholimba m'masekondi 20 mpaka 40. Si kutentha kwa nyali kumene kumaumitsa ayi, ndi mtundu wa kuwalako.

Kanyaliko kayenera kukhala pafupi kwambiri ndi dzino, kataloza bwino. Kakatalikira ndi mamilimita ochepa okha, mphamvu yake imatsika, pamwamba pamauma koma pansi pamatsala pofewa. N'chifukwa chake amakuuzani kuti yasamulani kwambiri musagwedezeke. Osakayang'anitsitsanso, kamaononga maso.

Akuti phalali limafota likamauma. N'zoona?

N'zoona, ndipo palibe kompoziti imene sifota. Tizidutswa ta utomoni tisanagwirane timakhala motayana pang'ono, pamtunda wa nanomita 0.3 mpaka 0.4 (nanomita ndi gawo limodzi la milimita itagawidwa ka 1,000,000). Tikagwirana, mtundawo umatsika kufika pafupifupi nanomita 0.15. Kwa kachidutswa kamodzi n'zosaoneka, koma tizidutswa tosawerengeka tikayandikana nthawi imodzi, phala lonse limachepa. Makompoziti ambiri olimba amataya magawo 2 mpaka 3 pa 100 a kukula kwawo. Amadzimadzi aja, amene ali ndi ufa wochepa ndi utomoni wambiri, amatha kufika magawo 4 kapena 5.

Amene analimapo thonje m'makande a ku Ngabu akudziwa kuti dothi likamafota m'chilimwe silingochepa mwaulemu. Limakokana lokhalokha mpaka ling'ambike pamene pali pofooka. Kompoziti nayo ikamafota imakoka chilichonse chimene yagwira, ndipo penapake payenera kugonja. Kusiyana kwake n'kwakuti makande amafota chifukwa madzi atuluka, pamiyezi ingapo, pamene kompoziti imafota m'masekondi popanda kutaya kanthu.

Choopsa kwenikweni si kuchepako koma mphamvu yokokayo. M'masekondi oyambirira phala likadali lofewa, limatha kuyenda n'kudzaza pamene pakuchepa. Likangoyamba kulimba silithanso kuyenda, koma kufota kumapitirira. Kuyambira pamenepo mphamvu yonse imagwera pamalire a phala ndi dzino.

Kufota kochepa chonchi kungaononge chiyani?

Zimatengera amene wapambana pakukokanako. Guluu wogwirizitsa phala ndi dzino akagonja, phala limasiyana ndi khoma la dzino n'kusiya mpata umene diso silingauone. Kwa mabakiteriya, amene kukula kwawo n'pafupifupi mayikoloni imodzi (gawo limodzi la milimita itagawidwa ka 1,000), mpata wotero ndi khomo lotseguka. Malovu, tiyi ndi madzi a nzimbe zimalowanso momwemo.

Guluu akagwiritsa, dzino ndilo limakokedwa. Makoma a dzino lotafunira amapindikira m'kati pang'ono zedi, ndipo ngati makomawo ndi opyapyala, enamelo, khungu lolimba lakunja kwa dzino, amatha kuchita timing'alu m'mphepete. Dokotala akamasalaza chomatira n'kuona kamzere koyera m'mphepete mwake, kawirikawiri ndi timing'alu timeneti. Nthawi zina m'mphepete mumagwira bwinobwino koma phala limanyamuka pansi pa bowo, ndipo zotsatira zake tazifotokoza pa funso la dzino loyayamira.

Kodi phalali limagwira bwanji padzino?

Palokha siligwira n'komwe. Mutaika kompoziti m'bowo louma n'kuiunika, ikhoza kutuluka ndi kamtengo kotokosera m'mano. Chimene chimagwira ndi guluu wapadera, ndipo guluuyo amafuna kuti dzino likonzedwe kaye.

Njirayi anaiyambitsa ndi Michael Buonocore mu 1955, ataona kuti enamelo wopakidwa asidi amagwira utomoni mwamphamvu. Lero timagwiritsa ntchito asidi wa phosphoric wa magawo 35 mpaka 37 pa 100, amene amabwera ngati mafuta a buluu. Amakhala padzino masekondi 15 mpaka 30, kenako amatsukidwa ndi madzi ambiri. Mukanatha kuona dzino lanu panthawiyi, mukanaona enamelo amene anali wonyezimira atasanduka wotuwa mbuu. Kutuwako ndi timaenje tambirimbiri timene asidi wakumba. Guluu ndi wamadzimadzi, amalowa m'timaenjemo, ndipo akaunikidwa amauma ali momwemo. Kompoziti imadzagwira pa guluuyo chifukwa zonse ndi utomoni.

Pa enamelo kugwira kumeneku n'kodalirika ndipo kumakhala zaka zambiri, chifukwa enamelo ndi mwala pafupifupi yense, magawo 96 pa 100.

Ngati n'choncho, vuto lili pati?

Lili pa dentini, mnofu wolimba wachikasu umene uli kunsi kwa enamelo. Bowo lililonse lozama ndithu limafika pa dentini, ndipo dentini ndi yamoyo. Poyeza kulemera, magawo 70 okha ndiwo mwala, magawo 20 ndi ulusi wa kolajeni, ndipo 10 ndi madzi. Ilinso ndi timipaipi todzaza madzi tolunjika ku mtsempha wa dzino: pafupifupi 20,000 pa kamalo ka milimita imodzi mbali zonse kufupi ndi enamelo, ndipo kufupi ndi mtsempha timaposa 40,000. Ndiye kuti bowo likamazama, pansi pake pamakhala ponyowa kwambiri. Utomoni ndi madzi sizimvana.

Asidi akasungunula mwala wa pamwamba pa dentini, pamatsala ulusi wa kolajeni uli njoo m'madzi. Guluu ayenera kulowa pakati pa ulusiwo, kuthamangitsa madzi, n'kuuma atalukana nawo. Kagawo kosakanikirana kameneka anakafotokoza ndi Nobuo Nakabayashi wa ku Japan mu 1982, ndipo kukhuthala kwake ndi mayikoloni ochepa chabe. Chomatira chanu chonse chimadalira kagawo kameneka.

Apa ndi pamene dzanja la dokotala limaonekera. Akaumitsa dentini kwambiri ndi mpweya, ulusi uja umagwa n'kumatana, guluu osalowa. Akasiya madzi ambiri, guluu amasukuluka. Dentini iyenera kuoneka yonyezimira chinyezi koma yopanda dziwe. Akapaka guluu amamusisita ndi kaburashi, kenako amapemerera mpweya pang'onopang'ono mpaka guluuyo asiye kuchita timafunde, chizindikiro chakuti chosungunulira cha m'guluuyo, mowa kapena acetone, chauluka. Akafulumira apa, chomatira chimaoneka chokongola tsiku lomwelo koma maziko ake ndi ofooka.

Alipo maguluu ena okhala ndi asidi wake wofatsa m'kati, osafuna kutsuka. Ambiri mwa amenewa ali ndi mankhwala otchedwa 10-MDP, amene kampani ya Kuraray ya ku Japan inapanga mu 1981, ndipo amagwirana ndi kashiamu wa dzino mwachindunji. Pa dentini amachita bwino ndipo kulakwitsa kumachepa. Pa enamelo ndi ofooka, n'chifukwa chake madokotala ambiri amapakabe asidi wa buluu pa enamelo yekha.

N'chifukwa chiyani amandidzaza thonje m'kamwa n'kundiletsa kutseka pakamwa ngakhale kamodzi?

Chifukwa malovu akangokhudza dzino lopakidwa asidi, ngakhale kwa sekondi imodzi, amasiyapo kanthu koterera kamene kamatseka timaenje tija. Magazi ochokera m'nkhama ndiye amaononga koposa. Zikatero palibe kuchitira mwina, ayenera kutsuka n'kuyambiranso.

Njira yabwino koposa n'kuvundikira m'kamwa ndi kansalu ka labala, dzino lokha n'kutulukira pakabowo. Kumene kulibe, amagwiritsa ntchito thonje lokulunga ndi kapaipi koyamwa malovu. Inu mbali yanu n'kupumira m'mphuno, lilime kuligoneka kutali ndi dzino, ndipo mukafuna kutsokomola kapena kulavula mukweze dzanja. Si nkhanza. Ngati nkhama zanu zimatuluka magazi mukamatsuka mano, musadabwe atakuuzani kuti ayambe achotsa zokanirira m'mano, mudzabwerenso sabata yamawa nkhama zitapola. Inde ndi ulendo wachiwiri, ndipo kwa munthu wochokera ku East Bank ndi ndalama ndithu, koma kumata pamagazi n'kutaya zonse.

Amaika pang'ono, kuunika, kuikanso pang'ono, kuunikanso. Si kungochedwetsa anthu pamzere?

Ayi. Kuwala kwa buluu kumalowa bwino mamilimita 2 okha mu kompoziti wamba, ndipo mitundu yoderako imafuna nthawi yochulukirapo. Bowo la mamilimita 5 likadzazidwa kamodzi, pansi pake pamatsala posapsa. Phala losapsa ndi lofooka, limamwa madzi, ndipo zotuluka m'menemo zimanyanyula mtsempha.

Chifukwa chachiwiri ndi kufota. Kagawo kakang'ono kamakoka pang'ono. Dokotala wodziwa amaika kagawo kalikonse mopendekera, kotsamira khoma limodzi ndi pansi, osati kogwira makoma awiri oyang'anizana nthawi imodzi. Potero kamafotera kukhoma lake m'malo mokokana ndi khoma la tsidya linalo. Dzino limodzi lotafunira likhoza kutenga theka la ola kapena kuposa. Amene wakumatani bowo lalikulu m'mphindi zisanu, mum'funse kuti waikamo chiyani.

Mnzanga anamatitsa dzino lakutsogolo lothyoka, lilibe vuto. Langa ndi kabowo kozungulira padzino lotafunira koma likuvuta. Zikusiyana pati?

Zikusiyana pa kaumbidwe ka bowo. Akatswiri atatu a ku Amsterdam, Feilzer, de Gee ndi Davidson, analongosola zimenezi mu 1987. Anati tiwerenge mbali zimene phala lagwira dzino, tigawe ndi mbali zimene zili pamtunda zosagwira kanthu. Mbali yosagwira kanthu ndiyo imalola phala kubonya likamafota, mphamvu yokoka n'kuchepa.

Kabowo kanu kali ngati kabokosi: makoma anayi ndi pansi, zonse zagwira, pamwamba pokha ndipo pali pomasuka. Ndiye 5 kwa 1, chiwerengero choipitsitsa. Dzino la mnzanu lathyoka pangodya, phala lagwira mbali imodzi kapena ziwiri, kwina konse kuli pamtunda, ndipo mbali zogwirazo zambiri ndi enamelo. Bowo looneka losavuta ndilo limapanikiza guluu kwambiri.

Dzino likuyayamira chimatireni. Ndidikire kapena ndibwerere?

Mvetserani mmene likupwetekera. Likamayayamira mukamwa madzi ozizira kapena mukaluma firizi, n'kusiya m'masekondi ochepa, ndipo tsiku ndi tsiku zikuchepa, dikirani. Zimatha pakapita masabata awiri mpaka anayi.

Likamabaya mukaluma chinthu, makamaka posiya kuluma, pali zinthu ziwiri. Mwina chomatira chatalika, chikuyamba kugunda mano ena asanakumane. Izi n'zapafupi: dokotala amakulumitsani kapepala ka buluu, pamene pasiya chidindo chachikulu n'kupala pang'ono, basi. Kapena phala linanyamuka pansi pa bowo pofota, monga tanenera kumtunda. Kampata kameneko kamadzaza madzi, ndipo mukaluma madziwo amakankhidwira m'timipaipi ta dentini, mtsempha n'kumva. Martin Brännström wa ku Sweden ndiye anaonetsa m'zaka za m'ma 1960 kuti kuyenda kwa madzi m'timipaipimu ndiko kumachititsa ululu wotere. Kupala pamwamba sikuthandiza apa, chomatira chiyenera kuchotsedwa n'kuikanso.

Koma likamapweteka lokha osalikhudza, kukudzutsani usiku, kapena ululu ukamapitirira mphindi zingapo mutamwa tiyi wotentha, mtsempha wadwala. Nthawi zambiri ndi chifukwa chakuti bowo linali litazama kale pofika kuchipatala. Musadikire. Tsaya likatupa, makamaka kutupa kukamatsikira kukhosi kapena kukwera kudiso, kapena kumeza kukamavuta, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale ndi usiku.

Ndingadye nthawi yanji? Nanga nzimbe ndisiye?

Kompoziti imakhala italimba mukamadzuka pampando. Chodikira ndi dzanzi la jakisoni, kuopa kudziluma tsaya kapena lilime, makamaka ana.

Za nzimbe, kuuza munthu wa ku Nchalo kuti asiye n'kudzinamiza. Chimene tikupempha n'chakuti musende ndi mpeni, muduledule tizidutswa. Kusenda ndi mano akutsogolo kumakanula chomatira cham'mphepete, ndipo guluu amapirira kupanikizidwa kuposa kukanulidwa. Kutsegula botolo ndi mano, kuswa nthangala za masawu ndi kukukuta chimanga chokazinga chouma gwa zimathyola ngakhale dzino labwinobwino. Malambe ndi bwemba zili ndi asidi amene amafewetsa enamelo wa m'mphepete mwa chomatira. Mukadya, chukuchani ndi madzi, ndipo mswachi udikire kaye theka la ola.

Kodi kutentha kwa kuno kumasungunula kapena kufutukula chomatira?

M'kamwa ayi. Kaya kunja kwafika madigiri 42 mu Novembala, m'kamwa mumakhala cha m'ma 35 mpaka 37. Chimene chimasintha kutentha kwa dzino ndi zakudya. Kompoziti imafutukuka ndi kufota kuwirikiza kawiri kapena kupitirira poyerekeza ndi dzino, kotero phala lamoto lotsatana ndi madzi a m'firiji, tsiku ndi tsiku kwa zaka, limatopetsa malire aja pang'onopang'ono.

Kumene dzuwa la kuchigwa limavutitsa ndi m'kabati ya chipatala. Makompoziti ambiri amafuna kusungidwa pamalo osapitirira madigiri 25 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo maguluu ena amafuna firiji. Botolo la guluu likakhala pamalo otentha, mankhwala ake amaonongeka tsiku lolembedwa pabotolo lisanafike. Likasiyidwa chotsegula, chosungunulira chija chimauluka msanga, guluu n'kulemera, osalowanso bwino mu dentini. Dzuwa lolowera pawindo limayambanso kuumitsa kompoziti ikadali pambale. Magetsi nawo ali ndi mbali yake. Tonse tikukumbukira mmene anavutira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Popanda magetsi palibe mpweya woumitsira, palibe choyamwa malovu, firiji yazima, ndipo kanyali kamene batire yake yatsika sikangadaliridwe. Tsiku lotero dokotala akakana kukumatani ndi kompoziti, wakuchitirani zabwino.

Mano anga ali ndi mawanga oyera ndi akhofi chiyambire ubwana. Kompoziti ingagwire?

Mawanga otere nthawi zambiri amabwera ndi fuloraidi wochuluka m'madzi akumwa pamene mano akupangika. Bungwe la WHO linaika malire a miligalamu 1.5 pa lita, ndipo mijigo ina ya kuchigwa kuno imapitirira pamenepo. Enamelo wotere ndi wachilendo: khungu lake lakunja limakana asidi, pamene kunsi kwake kuli timibowo ndipo n'kofooka. Kompoziti imagwira ndithu, koma dokotala amayamba wapala khungu lakunjalo pang'ono kapena kusiya asidi nthawi yotalikirapo, ndipo apa asidi wa buluu ndi wofunika, guluu wa asidi wofatsa yekha sakwanira. Mawanga akuda kwambiri amaonekera kunsi kwa kompoziti yopyapyala, choncho pamafunika kagawo kobisa kaye.

Amene mwagula mankhwala oyeretsa mano, nenani. Amasiya okosijeni m'dzino amene amalepheretsa guluu kuuma, ndipo pamafunika kudikira sabata imodzi kapena awiri.

M'mphepete mwa chomatira mwachita mzere wakuda. Chaola?

Osati nthawi zonse. Tiyi, fodya ndi zakumwa zakuda zimadetsa kamphepete kopyapyala ka kompoziti kamene kanapitirira padzino, ndipo kusalaza kokha kumachotsa. Dokotala amayang'ana ngati pali pofewa, ngati kachitsulo kopimira dzino kakukodwa, ndipo pakafunika amajambula. Ngati mbali imodzi yokha ndiyo yaonongeka, amatha kukonza pomwepo osachotsa chomatira chonse. Kukonza kuli bwino chifukwa nthawi iliyonse imene chomatira chachotsedwa, bowo limakula.

Chomatira chagwa, ndipo kuchipatala n'kutali. Ndiikemo chiyani?

Musaikemo kanthu. Tsukani bowolo ndi mswachi ndi mankhwala otsukira mano, chukuchani ndi madzi a mchere ofunda, tafunirani mbali inayo, ndipo pitani m'masiku ochepa. Aspirin woika pabowo amaotcha nkhama. Asidi wa batire ndi mafuta a galimoto, zimene ena amalangizana, zimapha mnofu. Guluu wa m'sitolo nayenso ayi.

Ngati mwathiramo mafuta a clove ogula ku famase, muuzeni dokotala. Ali ndi eugenol, amene amalepheretsa utomoni kuuma bwino, ndipo bowolo liyenera kuyeretsedwa mwapadera.

Bwanji osangoika chachitsulo chija chakale, kapena simenti ina ija yosafuna nyali?

Chachitsulo chija ndi amalagamu, ndipo pafupifupi theka lake ndi mekyule. Sichimata padzino, chimangokhala m'bowo losemedwa motambalala pansi, kotero dokotala amadula dzino lochulukirapo. Ubwino wake n'chakuti chimapirira chinyezi kuposa kompoziti ndipo chimakhalitsa. Mayiko anagwirizana mu 2013, m'pangano la Minamata, kuti achepetse kugwiritsa ntchito mekyule chifukwa choononga chilengedwe, ndipo mayiko a European Union analetsa amalagamu kuyambira Januwale 2025, kupatula pamene dokotala waona kuti palibe njira ina. Ngati muli nacho chakale chimene sichikuvuta, chisiyeni. Kuchichotsa chifukwa cha mtundu wokha n'kutaya dzino labwino.

Simenti yosafuna nyali ndi glass ionomer, imene Alan Wilson ndi Brian Kent a ku England anailengeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Imagwirana yokha ndi kashiamu wa dzino popanda guluu, imalola chinyezi pang'ono, ndipo imatulutsa fuloraidi woteteza m'mphepete. Nayo imafota, koma imauma pang'onopang'ono n'kumamwa madzi, kotero sikoka dzino mwamphamvu. Kufooka kwake n'kwakuti imatha msanga ndi kuthyoka m'mabowo akuluakulu otafunira. Njira yomata ndi simenti imeneyi pogwiritsa ntchito zida zapamanja zokha, popanda makina kapena magetsi, inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980 ndi Jo Frencken, ndipo mu 2021 WHO inaika glass ionomer pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri.

Maganizo athu ndi awa: kwa mwana wosakhazikika pampando, kwa agogo amene dzino labowoka m'munsi mokhudza nkhama, ndi kulikonse kumene dzino silingaumitsidwe bwino, glass ionomer yoikidwa bwino imaposa kompoziti yoikidwa pamalovu. Ambiri amaiona ngati ya anthu osauka chifukwa siinyezimira. Akulakwitsa. M'mabowo ozama madokotala amaphatikizanso ziwirizi, glass ionomer pansi, kompoziti pamwamba, ndipo potero phala lofota limachepa.

Palibe kompoziti yatsopano yosafota?

Ayesa. Mu 2007 kampani ya 3M inatulutsa ya utomoni wa silorane imene inkafota osafika gawo limodzi pa 100. M'kamwa mwa anthu sinaonetse kusiyana kwenikweni ndi makompoziti wamba, ndipo sinafale. Zimene zafala ndi zotchedwa bulk fill, zolola kuwala kulowa mamilimita 4, zopangidwa kuti zikoke mofatsa. Zimafupikitsa nthawi ndipo zikuchita bwino mofanana ndi zoika pang'onopang'ono, koma zimafotabe ndipo malovu zimadana nawo chimodzimodzi. Njira ina n'kuumba chomatira kunja kwa kamwa, kuti chifotere komweko, n'kudzachimata ndi kagawo kopyapyala ka simenti. Ndi yodula ndipo imafuna labotale.

Chilipo chimodzi chothandiza mwachibadwa: kompoziti imamwa madzi pang'ono m'masabata otsatira n'kufutukuka, zimene zimabweza gawo lina la kufota. Koma guluu amene anaduka tsiku loyamba salumikizikanso.

Chomatira chimakhala zaka zingati?

Kafukufuku wotsatira anthu kwa zaka zambiri amaonetsa kuti pa zomatira 100 za m'mano otafunira, chimodzi mpaka zitatu zimalephera chaka chilichonse. Zambiri zimapitirira zaka 10. Zimene zimazigwetsa kwambiri n'ziwiri: kubowokanso kwa dzino m'mphepete, ndi kuthyoka.

Pa kubowokanso, kufota kumanamiziridwa zambiri kuposa mlandu wake. Kampata kakang'ono m'kamwa mwa munthu wotsuka mano kawiri patsiku ndi mankhwala a fuloraidi kamatha kukhala zaka osaola. Kampata komweko m'kamwa mwa munthu wa tiyi wa masupuni anayi, masiwiti ndi zakumwa zotsekemera tsiku lonse kamaola msanga. Kukula kwa bowo nakonso n'kofunika: chomatira cha mbali imodzi chimakhalitsa kuposa cha mbali zitatu kapena zinayi. Guluu wa pa dentini amafookanso ndi zaka, chifukwa madzi amamudya pang'onopang'ono ndipo dentini ili ndi michere yakeyake yogaya ulusi wa kolajeni umene guluu sanaukute. N'chifukwa chake dokotala amasangalala akaona kuti bowo lazunguliridwa ndi enamelo mbali zonse, ndipo zimenezi zimapezeka mwa amene abwera dzino lisanayambe kuwawa.

Ndingakamatitse kuti?

Yambirani ku chipatala chachikulu cha boma lanu, ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kapena chipatala cha mishoni chimene muli nacho pafupi, mufunse ngati mbali ya mano ikumata panthawiyo ndiponso ndi zomatira zanji, poti katundu amabwera n'kutha. Zovuta amazitumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mumzindamo mulinso zipatala za mano zolipira. Ogwira ntchito ya mano ambiri m'maboma ndi ma dental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo kumata ndi mbali ya maphunziro awo. Maphunziro a madokotala a mano a digiri anayamba m'dziko muno mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences.

Musanakwere minibasi yokwera mapiri a ku Thabwa, imbani kaye kapena tumani wachibale wa m'tauni akafunse tsiku ndi mtengo. Nyamulani buku lanu lakuchipatala, mudye musananyamuke chifukwa dzanzi limatenga maola awiri kapena atatu, ndipo ngati muli ndi matenda a shuga, a mtima, kapena muli oyembekezera, nenani asanakubayeni jakisoni.